Atelala a Mumsewu wa Bambo

3 Febuluwale

Kabatani mwana wanga,

Ndayamba ndi moni, chifukwa wofika pakhomo osapereka moni ndi wokhometsa msonkho yekha. Uli bwanji kumeneko? Chifuwa chija chinatha? Kuno tili bwino. Amayi ako bondo likuwavutabe pamasitepe, koma pakamwa pali bwinobwino, sipanadwalepo.

Udabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Pafoni iwe umathamanga ngati basi ikukusiya, ine n'kuiwala chomwe ndaimbira. Nkhani iyi ikufuna pepala.

Utabwera mu Disembala unatiuza kuti ntchito yako ku ofesi ndi youza eni makampani kuti msika uwu lowani, uwu thawani. Ndinaseka tsiku lija. Ndinati mwana wanga amalipidwa chifukwa cholamula anthu, ntchito yomwe amayi ake akhala akugwira ulere zaka zonsezi. Lero woseka uja wabwera kudzagogoda.

Ndikufuna undiyezere msika wanga. Zaka makumi atatu ndi zinayi ndakhala m'kachipinda kaja, makina pazenera, simbi pakona, nsalu za eni ake pachingwe. Pansi pomwe ndimaponda chopondera simenti inachita kukumbika. Koma masiku ano msewu wathu wasintha, atelala achuluka, ndipo ndayamba kudzifunsa ngati malo ano akadali okhalamo. Undiyezere monga ndimayezera munthu: phewa, chifuwa, chiuno, osabisa mimba. Ukapeza kuti yakwana nthawi yotseka, undiuze mosapsatira mawu. Sindikwiya. Telala wokwiyira tepi sanabadwe.

Usanditenge ngati bambo ako, unditenge ngati kasitomala. Malipiro ako ndi akuti masiketi ako onse ndidzakupindira ulere mpaka udzakalambe.

Ndine,
Bambo ako

14 Febuluwale

Bambo,

Kalata yanu ndalandira. Ndaiwerenga kawiri ndili padesiki, mpaka mnzanga wandifunsa chomwe ndikumwetulira. Ine ndili bwino, chifuwa chinatha. Amayi muwauze asiye kukwera masitepe atanyamula ndowa. Koma Bambo, zilembo zanu zayamba kutuluka m'mizere. Munkalembera pabondo?

Ntchito ndaivomera. Ku ofesi tikafuna kudziwa ngati msika ndi wokhalamo, sitiwerenga anthu odutsa pakhomo okha. Timafunsa kuti phindu lomwe lilipolo akulimbirana ndani, ndipo ndani angalichepetse. Choncho mundiyankhe izi osakometsera.

Atelala mumsewumo alipo angati, ndipo aliyense amasoka chiyani? Ine ndikukumbukira awiri okha: a Chipewa a tsidya la msewu, omwe mwakhala mukunyozana nawo chibadwire changa, ndi mayi wa madiresi aukwati. Nanga munthu watsopano akafuna kutsegula mawa, chingamuletse n'chiyani? Ngati chofunika ndi makina ndi mpando basi, ndiye kuti mpanda wanu ndi waufupi. Makasitomala anu akakana mtengo ali ndi kwina kopita, kapena amangong'ung'udza n'kubwereranso? Sukulu ziwiri zija zomwe mumazisokera mayunifolomu zikadali zanu? Za ogulitsa nsalu ndi ulusi ndikufunanso kudziwa, chifukwa akakhala mmodzi ndiye kuti wakugwirani pakhosi. Chomaliza, kodi munthu angavale bwino osaponda kwa telala aliyense? Apa ndikunena kaunjika ndi zovala zosokeratu za m'sitolo.

Mukhale pakhomo sabata imodzi ndi kope, muzilemba zomwe mukuona: ndani akulowa kuti, atanyamula chiyani, akutuluka akuseka kapena atakwinya nkhope.

Ndisabise, kalata yanu yandidetsa nkhawa. Ndinakulira pansi pa tebulo lodulira lija ndikutola mabatani, ndipo mpaka lero dzina langa lenileni mumalikumbukira pokhapokha ndikalakwa. Sindikufuna shopu ija itsekedwe. Koma mwati ndikutengeni ngati kasitomala, ndiye ndiyesetsa.

Mwana wanu,
Kabatani

2 Marichi

Kabatani,

Landira moni wa kasitomala wako. Tonse tili bwino. Za zilembo usadandaule, vuto ndi cholembera.

Ndinachita monga unanenera. Atelala tsopano alipo asanu ndi awiri, ine osawerengedwa. A Chipewa alipo, akusokabe mabuluku a mwendo umodzi wautali. Mayi wa madiresi aukwati aliponso. Atsopano ndi awa. Kumtunda kuli anyamata awiri a makina amagetsi, malaya amatha mwini wake asanamalize kumwa tiyi. Pakona pali bambo wina wamtali, wosaseka, amene mtengo uliwonse amaudula pakati. Ndiye pakati pa shopu ya mankhwala ndi ya ometa pali mayi ndi mwana wake wamkazi, osoka chilichonse, ngakhale makatani.

Mpanda wafunsa uja kulibe. Aliyense wokhala ndi makina komanso azakhali omubwereka mpando ndi telala. Makasitomala nawo akula mtima. Amafika ndi chithunzi pafoni, kakang'ono ngati chikhadabo, n'kumati ndisokereni ichi, ukafunsa kuti kolala yake ndi yotani amati simukuona? Sukulu ziwiri zija zikadali zanga, koma za mawa sizidziwika. Wogulitsa nsalu ndi mmodzi yemwe uja wamimba, ndipo katundu wa masiku ano ndi wachinyengo. Ulusi wakuda ndi wabuluu wodera sukusiyananso, mabowo a singano nawo akuwachepetsa chaka ndi chaka. Kaunjika ndiye usanene, jekete yabwinobwino mtengo wake wofanana ndi wa zipi.

Ndiye waona wekha. Ine ndikuona kuti muyeso watuluka kale. Usavutike kundinyengerera. Lemba chigamulo chako papepala labwino, ndikaonetse a Chipewa ndi aphunzitsi aakulu, adziwe kuti nkhaniyi yaweruzidwa ndi munthu wophunzira.

Amayi ako akuti uzidya.

Bambo ako

16 Marichi

Bambo,

Ndakondwa kumva kuti muli bwino. Nanenso ndili bwino, ndipo Amayi muwauze kuti ndikudya.

Asanu atsopano m'miyezi itatu yokha? Msewu uja wasinthadi. Pakati pa shopu ya mankhwala ndi ya ometa ine ndimakumbukira khoma lokhalokha, lomwe tinkamenyetsapo mpira. Aboolapo chitseko?

Mayankho anu ndakhala nawo masiku anayi, ndipo ndili ndi uthenga wabwino. Msika ndi wothina, zoona, koma si wothina paliponse. Atsopano onsewo akulimbirana fupa limodzi, ntchito yachangu ndi yotchipa. Kumeneko inu musapiteko. Anyamata amagetsi akuposani liwiro, wamtali akuposani kutsitsa mtengo, ndipo pamapeto pake kaunjika adzawameza onse.

Koma alipo mmodzi mwa iwo amene angatseke chibowo cha ndudu pa suti mpaka mwini wake kulephera kupeza pomwe chinali? Ndimakumbukira mukusolola ulusi kumpendero wa jekete ya loya uja, n'kumaluka pachibowopo ulusi umodziumodzi, ine nditagwira mpweya pambali panu. Loyayo anaitembenuza jekete kasanu, kenako anakufunsani ngati mwamusinthira ina. Ntchito imeneyo kaunjika sangailowe m'malo, ndipo adzakubweretserani makasitomala, chifukwa jekete yotola pamulu imafuna woikonza. Watsopano sangaiphunzire chaka chimodzi. Mwini suti sakangana za mtengo, poti alibe kwina kopita. Mpanda wanu ndi umenewo, Bambo: maso anu ndi zala zanu.

Chigamulo changa n'chakuti musatseke. Zachangu zisiyireni achangu, inu mutenge ntchito yaluso yokhayokha. Pamodzi ndi kalatayi ndatumiza paketi ya singano khumi ndi ziwiri zowonda kwambiri, zomwe ndazisaka tauni yonse. Wogulitsa anati mabowo ake amaoneka kwa achinyamata okha. Ndinamuuza kuti iyeyo sakuwadziwa bambo anga.

Kalatayi mukawaonetse a Chipewa, asowe tulo.

Kabatani

19 Epulo

Bambo,

Muli bwanji? Mwezi watha osamva kanthu. Pafoni mumangoti zili bwino, lankhula ndi amayi ako. Singano zija zinafika?

Ngati ndinalankhula ngati ndikukuphunzitsani ntchito yanu, pepani, sichinali cholinga changa. Kapena wamtali uja walanda sukulu? Ndiuzeni tipeze njira ina, njira sizitha. Ku ofesi kasitomala akakhala chete timadziwa kuti wapita kwina. Inu mwapita kuti?

Kabatani

24 Epulo

Kabatani,

Moni. Singano zinafika, zikomo, n'zokongola. Maganizo ako ndi abwino, koma achedwa pang'ono. Kumunsi kwa msewu kwatsegula mkulu wina wa ndevu, wochokera kutali, ndipo ntchito yake ndi yomweyo yotseka mabowo a masuti. Akuti ali ndi galasi lapadera. Ndiye alipo asanu ndi atatu tsopano. Uyezenso.

Bambo ako

27 Epulo

Mwana wanga,

Ndine mayi ako. Uli bwanji? Kalata iyi ndikulemba ndili kwa azakhali ako, bambo ako akudziwa kuti ndapita kukaonetsa bondo. Ine si wa makalata, ndiye ndingolunjika pa nkhani.

Atelala mumsewu muno ndi awiri omwe ukuwadziwa aja. Khoma lija likadali khoma. Anyamata amagetsi, wamtali, mayi ndi mwana wake, onsewo anabadwira patebulo lathu lodyera, ine ndikuona. Wamtaliyo poyamba anali wamfupi. Sabata ino kwabadwanso wandevu, ndipo ndaona kuti ndikapanda kulankhula msewu udzaza.

Bambo ako maso akutha. Zinayamba chaka chatha. Kuchipatala tapita kawiri. Adokotala akuti si ng'ala yoti angachotse, vuto lili mkati mwa diso, mankhwala angochedwetsa. Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, makamaka iwe. M'mawa uliwonse ndimapita kushopu ngati ndikukasiya tiyi. Iwo amatuluka kukaona ngati kukubwera mvula, ine ndimalowetsa ulusi m'makina ndi m'singano zisanu, n'kuzibaya pakatsamiro. Akabwerera amangokhala pansi n'kuyamba kusoka. Takhala choncho miyezi isanu ndi itatu, ngakhale masiku opanda ndi kamtambo komwe. Mu Januwale anadula nsalu ya mwini kunja kwa choko. A Chipewa ndiwo anaipulumutsa. Anaitenga mwakachetechete n'kuibweza ili diresi, ndipo mpaka lero akunyozanabe ngati palibe chinachitika.

Makalata ako ndimawawerengera ndine. Amati mawu anga ndi okoma, chinthu chomwe sanandiuzepo zaka makumi anayi. Nditafika pomwe unalemba za maso ndi zala, anati bwereza. Ndinabwereza. Anatsegula paketi ya singano n'kumazisisita ndi chala, kenako anati, "Mwanayu ntchito yake amaidziwa. Ndamupatsa miyeso yabodza, koma wapezabe pomwe pali thupi." Tsiku limenelo chakudya anangochiyang'ana.

Iwe sunalakwe. Koma umve chomwe ankapempha. Ntchito ilipo yambiri, sukulu zikuwafuna, anthu akuima pakhomo. Bambo ako akufuna kutseka asanaononge dzina lawo, koma sakufuna anthu aziti telala uja wachita khungu. Akufuna aziti msika unavuta. Kwa iwo kugonja kwa anthu asanu ndi atatu kuli ndi ulemu, kugonja kwa bowo la singano kulibe. Pepala lako ankalifuna kuti akhale ndi chonyamula potuluka.

Sindikukuuza chochita. Ndangotopa kusenza ndekha. Ndiponso ndikuopa sizasi ija, tsiku lina idzadya chala.

Ukaimba foni usalire, makutu awo ndi akuthwa kuposa kale.

Mayi ako

4 Meyi

Amayi,

Ndalira kale ndamaliza, musaope. Poyamba ndinakwiya nanu nonse awiri. Kenako ndinatulutsa makalata a Bambo n'kuwerenganso, mkwiyo wonse unatembenukira kwa ine. Zonse analemba: zilembo zotuluka m'mizere, ulusi wakuda ndi wabuluu, kachithunzi ka pafoni, mabowo a singano. Ine wolipidwa kuti ndizimva zomwe eni bizinesi sakunena, ndinaona atelala omwe kulibe n'kulephera kuona bambo anga. Ndiye n'kuwatumizira singano zimene zija. Zikundiwawa kwambiri, Amayi. Komanso zikundiwawa kuti miyezi yonseyi munali nokha.

Ku ofesi sindinasainirepo lipoti lomwe ndikudziwa kuti lakhazikika pa bodza, ndipo sindikufuna kuyambira pa Bambo. Bodza limenelo tsiku lina wina adzawafunsa kuti wandevuyo ali kuti, manyazi ake adzaposa awa. Ndaganiza masiku atatu. Ndapeza kuti kunama sikukufunika. Pali funso limodzi lomwe sindinafunse, ndipo yankho lake ndi loona.

Mu envelopu muli kalata ina yokhuthala. Imeneyo musawawerengere. Ingowapatsani m'manja, pafupi ndi zenera, inu mutuluke mukaone ngati kukubwera mvula.

Bondolo mukalionetsedi.

Mwana wanu

4 Meyi

Kwa kasitomala wanga,

Ili ndi lipoti lomaliza.

Ndinayeza msika, koma ndinaiwala funso limodzi: kodi munthu amatuluka liti?

Ambiri amadikira msika uwathamangitse. Akatswiri amatuluka anthu akadali pamzere pakhomo.

Zaka makumi atatu ndi zinayi palibe amene wakusunthani mumsewu umenewo. Sukulu zikadali zanu. Dzina lanu lilibe chigamba. Kampani iliyonse yofika pamenepa ndimaiuza kuti nthawi yabwino ndi ino.

Chigamulo: tsekani mwezi uno, mwa kufuna kwanu. Sukulu muzipereke ndi manja anu kwa amene mumamukhulupirira. Simukufunika atelala asanu ndi atatu kuti akutulutseni. Simunagonje kwa aliyense.

Lipoti ili mukhoza kuonetsa wina aliyense. Mulibe bodza ngakhale limodzi.

Ndimakunyadirani, Bambo.

Kabatani

18 Meyi

Kabatani mwana wanga,

Moni. Tili bwino. Amayi ako anapitadi kuchipatala, ulendo uno ndi bondo lenileni.

Kalata yako inafika, masamba asanu ndi anayi, tsamba lililonse mizere inayi, yolembedwa ndi cholembera cha pamakatoni. Ndinaiwerenga ndekha pazenera. Ndi kalata yoyamba kuwerenga ndekha chiyambire chaka chino. Ndisanamalize tsamba loyamba ndinadziwa kuti ukudziwa, ndipo ndinadziwanso yemwe anakuuza. Ndinamukwiyira mpaka nthawi ya tiyi.

Ndikudziwitse za msika. Atelala asanu ndi mmodzi atsopano aja atseka onse tsiku limodzi. Wamtali ndiye wandimvetsa chisoni, ndinali nditayamba kumuzolowera. Pepa, mwana wanga. Ndinachita zomwe ndimadana nazo kasitomala akandichitira, kukoka mimba tepi ikamadutsa. Ndinkachita manyazi, ndiponso ndinkaopa. Ndikuopabe.

Lolemba ndinawoloka msewu ndi lipoti lako. A Chipewa anawerenga masamba onse ali chiimire, kenako anati, "Mwana wanu amalemba zilembo zikuluzikulu ngati mutu wa bambo ake." Atatero anavula chipewa chomwe chinawapatsa dzina chija n'kuchigwira pachifuwa. Zaka makumi atatu ndakhala moyang'anana nawo, sindinkadziwa kuti ali ndi dazi. Sukulu ziwiri ndawapatsa iwowo, ndipo ndawachenjeza kuti mwana mmodzi yekha akadzadutsa ndi miyendo ya buluku yosiyana, ndidzabwera ndi sizasi. Anati ndizibwera ndithu m'mawa uliwonse, mpando ulipo, chifukwa alibe wina womunyoza. Kiyi ndibweza kwa eni nyumba pakutha pa mwezi. Makina akubwera kunyumba, amayi ako awapezera kale malo pazenera la pabalaza.

Kwatsala ntchito imodzi. Pali nsalu yabuluu wodera, amayi ako atsimikiza kuti si yakuda, yomwe ndinaisunga kuyambira tsiku lomwe unayamba ntchito. Ndikufuna ndikusokere jekete yoti uzivala ukamakauza eni makampani zoona. Singano zako khumi ndi ziwiri amayi ako alowetsamo ulusi zonse, ine ndili pompo, popanda wopita kukaona mvula. Mabowo a mabatani ndidzasoka pamanja, zala zikuidziwa njira.

Muyeso usatumize pakalata. M'banja muno taona kuti miyeso ya m'makalata njosadalirika. Pempha tchuthi ubwere ndidzakuyeze ndekha. Usachedwe kwambiri, Kabatani. Ndikufuna ndidzakuone utaivala.

Ndine,
Bambo ako